Mafunso ndi mayankho: Im weißen Rößl, filimu ya 1960 ya wetala amene anakonda abwana ake

Anthu akamva kuti ndimakonda filimu yakale ya Chijeremani yokhudza hotela ya m'mbali mwa nyanja ku Austria, mafunso amabwera ambiri, ndipo kawirikawiri amakhala omwewo. Ndawasonkhanitsa pano. Ena ndawayankha mwachidule. Ena ndachedwapo chifukwa pali nkhani imene sindingathe kuidumpha.

Kodi filimu imeneyi ndi yotani, ndipo dzinali likutanthauzanji?

Im weißen Rößl ndi mawu a Chijeremani otanthauza kuti "ku Kavalo Woyera". Kavalo Woyerayo ndi dzina la hotela imene ili m'tauni yaing'ono ya St. Wolfgang, m'mbali mwa nyanja ya Wolfgangsee ku Austria. Filimuyi inatuluka kumapeto kwa 1960, inapangidwa mogwirizana ndi makampani a ku Austria ndi ku West Germany, ndipo anaitsogolera ndi Werner Jacobs. Ndi yamitundu, yodzaza nyimbo, nthabwala ndi chikondi. Peter Alexander ndiye Leopold, mkulu wa mawetala, ndipo Waltraut Haas ndiye Josepha Vogelhuber, mayi mwini hotela.

Nkhaniyo siinayambire pa kanema. Inachokera ku operetta ya dzina lomweli imene inaonetsedwa koyamba ku Berlin pa 8 Novembala 1930.

Operetta n'chiyani? Kodi ndi opera yomwe ija?

Ndi pachibale koma si chinthu chimodzi. Mu opera pafupifupi mawu onse amaimbidwa, ndipo nkhani zambiri zimathera pa maliro. Mu operetta anthu amayankhulana monga m'sewero lililonse, kenako mtima ukadzaza mawu akuperewera, bandi imayamba ndipo munthu uja amaimba. Akatha kuimba abwereranso ku kuyankhula. Mumakhala magule, kusamvana koseketsa, ndipo mapeto ake amakhala ukwati.

Mtundu umenewu unakulira ku Paris m'ma 1850 m'manja mwa Jacques Offenbach, kenako Vienna inautenga n'kuusandutsa wakewake. Johann Strauss wamng'ono analemba Die Fledermaus mu 1874, Franz Lehár analemba Die lustige Witwe mu 1905. Pofika 1930 operetta inali itakalamba ndithu, ndipo Im weißen Rößl inabwera ngati mwana wa muukalamba, wosakaniza magule akale a ku Vienna ndi jazi imene inali itangofika kumene kuchokera ku America.

Nanga nkhani yake imayenda bwanji?

Ndifotokoza monga ilili pa siteji, chifukwa filimu yatsata thunthu lomwelo ngakhale yasintha nthambi zina.

Ndi nyengo yotentha, alendo akukhamukira ku hotela. Leopold ndiye msana wa ntchito yonse: adziwa tebulo lililonse, adziwa mlendo wovuta ndi wofatsa, adziwa kuwerengera ndalama anthu khumi akumuitana nthawi imodzi. Koma mtima wake uli pa abwana ake, Josepha. Amawatumizira maluwa mobisa, osalembapo dzina. Josepha akalandira maluwawo amasangalala, koma amaganiza kuti achokera kwa Dr. Siedler, loya wa ku Berlin amene amabwera chaka chilichonse kudzapuma. Chipinda chabwino koposa, cha khonde loyang'ana kunyanja, Josepha amasungira loyayo.

Nsanje imulowa Leopold. Chipinda chija achipereka kwa mlendo wina, bambo Giesecke, mwini fakitale ya zovala ku Berlin, munthu wodandaula pa chilichonse, amene wabwera ndi mwana wake wamkazi. Tsoka lake, Giesecke ali pa mlandu ndi mwini fakitale mnzake dzina lake Sülzheimer, ndipo loya wa Sülzheimer ndi Dr. Siedler yemweyo. Mlanduwo ndi wa kabudula wamkati wolumikizana ndi malaya: wina mabatani ake ali kutsogolo, wina kumbuyo, ndipo aliyense akuti nzeruyo anayamba ndi iye. Pamene akuluakulu akulimbana za mabatani, Siedler maso ake agwera pa mwana wa Giesecke. Mwana wa Sülzheimer, Sigismund, mnyamata wodzimva kukongola ngakhale ali ndi dazi, afika kuti mwina ukwati wake ndi mwana wa Giesecke uthetse mlandu, koma iye akopeka ndi Klärchen, mwana wa pulofesa wosauka Hinzelmann, mtsikana wamanyazi chifukwa lilime lake limatsamira pa mano akamayankhula.

Leopold alephera kudzigwira, ndipo Josepha amuchotsa ntchito. Apa ndi pamene sewero limafika pamene ndimapakonda. Wantchito wochotsedwa amafunika kalata ya umboni wa ntchito yake kuti akapeze malo kwina. Leopold abwera ndi kabuku kake, chikwama chili m'manja, kudzapempha kuti amulembere. Josepha, amene tsopano waona kuti loya uja mtima wake uli kwina, atenga cholembera n'kulemba. Leopold awerenga ali chilili: wachotsedwa pa uwetala, koma walembedwa ntchito ya moyo wonse monga mwamuna wa pakhomo. Maanja atatu apezana, nsalu itsekedwa.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Josepha anatha nyengo zingapo akuyang'ana sitima ya pamadzi kuti itsitse loya wa ku Berlin, pamene munthu womukonda anali kumunyamulira mbale tsiku lililonse.

N'chifukwa chiyani nkhani yophweka chonchi ikukhudzani?

Chifukwa ndinagwirako ntchito yonyamula mbale nyengo ina pa malo ena ogona alendo, ndipo ndikudziwa mmene nkhope imawawira madzulo ukakhala wamwetulira tsiku lonse. Wetala amaoneka ndi aliyense koma sapenyedwa ndi wina aliyense. Amamuitana ndi chala. Akalakwitsa kamodzi onse amamukumbukira, akachita bwino kakhumi palibe amene amadziwa dzina lake.

Seweroli linatenga munthu woteroyo n'kumuika pakati. Loya ndi wophunzira, mwini fakitale ndi wachuma, koma nyimbo zopweteka mtima zinapatsidwa kwa wetala. Pali nyimbo ina, yolembedwa ndi Bruno Granichstaedten, imene Leopold amaimba atauzidwa kuti atumikire munthu amene akumulanda wokondedwa wake. Mfundo yake ndi yakuti ntchito iliyonse angaigwire, koma kuimirira n'kumaonerera sangathe. Ndinaimva koyamba ndisakudziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chijeremani, koma ndinadziwa chimene akunena poona mmene wagwirira kansalu kopukutira mbale kaja.

Ndivomere kuti filimu ya 1960 siichedwa pa ululu umenewu. Imathamangira ku nthabwala. Koma Peter Alexander ali ndi luso lakuti ngakhale akugwa, akuthamanga, akuseketsa, maso ake amakhalabe a munthu amene akuopa kukanidwa. Ndi chimene chimaisunga filimuyi kuti isakhale phokoso chabe.

Analemba seweroli ndani?

Dzina limene limalembedwa pamwamba ndi la Ralph Benatzky, wobadwa mu 1884 ku Moravia, dera limene lero lili m'dziko la Czech Republic. Koma zoona zake n'zakuti linaphikidwa ndi manja ambiri.

Maziko ake ndi sewero loseketsa lopanda nyimbo limene Oskar Blumenthal ndi Gustav Kadelburg analemba, loonetsedwa koyamba mu 1897. Amene anaganiza zolisandutsa chionetsero chachikulu cha nyimbo ndi Erik Charell, mtsogoleri wa holo ya Großes Schauspielhaus ku Berlin, holo yokhala anthu oposa 3,000. Charell ndi Hans Müller anakonza nkhani, Robert Gilbert analemba mawu a nyimbo, Benatzky anapeka nyimbo zambiri. Charell sanakhutire, anaonjezamo nyimbo za ena. Robert Stolz anaperekapo ziwiri zimene zinatchuka kwambiri, Granichstaedten anapereka ija ya Leopold, ndipo Gilbert mwiniwake anapeka ya Sigismund wodzitama kukongola. Benatzky sizinamukomere kuti m'munda mwake mudzalidwe mbewu za ena, koma oonerera sanafunse kuti nyimbo iyi ndi ya yani. Anangoziimba potuluka m'holo.

Ku Berlin linaonetsedwa maulendo oposa 400. Mu 1931 linafika ku London Coliseum kumene linaonetsedwa maulendo 651, mu 1932 ku Théâtre Mogador ku Paris, ndipo mu 1936 ku New York.

Ndamva kuti linaletsedwa ku Germany. Sewero la maluwa ndi mabatani lingalakwire ndani?

Ili ndilo funso limene ndikufuna muliwerenge ngakhale ena onse muwadumphe.

Chipani cha Nazi chitatenga boma mu 1933, seweroli linachotsedwa pa masiteji a ku Germany. Chifukwa choyamba chinali anthu amene analipanga: ambiri anali Ayuda kapena ochokera ku mabanja achiyuda. Chachiwiri chinali mtundu wake. Munali jazi, imene a Nazi ankainyoza kuti ndi nyimbo za anthu akuda ndi Ayuda. Munali kuseka miyambo ya kumudzi ndi zovala za makolo zimene iwo ankafuna kuti zipembedzedwe.

Tiyeni tione kumene anthu a usiku woyamba uja wa 1930 anathera.

Erik Charell anathawa, anakakhala ku America, ndipo anabwerera ku Germany nkhondo itatha. Robert Gilbert anathawira ku New York, n'kubwerera mu 1949. Granichstaedten anafera ku New York mu 1944, dzina lake litazilala. Robert Stolz sanali Myuda, koma Germany italanda Austria mu 1938 anachoka, napita ku Paris kenako ku America, n'kubwerera ku Vienna mu 1946. Benatzky anapita ku Switzerland, kenako ku America. Max Hansen, Leopold woyamba, anapulumukira ku maiko a Scandinavia. Siegfried Arno, Sigismund woyamba, anakathera ku Hollywood akusewera timbali ting'onoting'ono.

Otto Wallburg, amene ankasewera Giesecke wodandaula uja ndipo Berlin yense ankamuseka, anathawira ku Netherlands. Asilikali a Germany atalowa m'dzikomo, iye anadzagwidwa. Anamutsekera ku msasa wa Westerbork, kenako ku Theresienstadt, ndipo mu 1944 anaphedwa ku Auschwitz.

Camilla Spira, Josepha woyamba, nayenso anatsekeredwa ku Westerbork mu 1943. Msasa umenewu unali poimira anthu podikira sitima zowatengera kum'mawa, kumene ambiri sanabwerereko. Akaidi ena odziwa zisudzo ankachita zionetsero momwemo, akuluakulu a msasa atakhala kutsogolo. Spira anaimirira pa siteji imeneyo n'kuimba nyimbo za ku Kavalo Woyera, zomwe zija ankaimba ku Berlin zaka 13 m'mbuyomo, zonena za chimwemwe chodikira pakhomo la hotela. Iye anapulumuka pamene mayi ake analumbira kuti bambo ake omubereka sanali mwamuna wawo, amene anali Myuda. Kuti mwana akhale moyo, anayenera kukana bambo ake papepala.

Ndikamaonera Peter Alexander akuvina pakhonde la hotela dzuwa likuwala, anthu awa ndimawaona ali kumbuyo kwake. Sindikunena izi kuti ndikuonongereni chisangalalo. Nyimbozo anazipangira kuti anthu asangalale, ndipo kusangalala nazo ndiko kuwalemekeza. Koma n'kulakwa kudya chakudya osadziwa amene anaphika, makamaka ngati wophikayo anathamangitsidwa pakhomo.

Kodi filimu ya 1960 ikusiyana bwanji ndi sewero la 1930?

Kusiyana koonekeratu ndi kwa mfumu. Pa siteji nkhani imachitika nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe, ndipo mfumu yaikulu Franz Joseph, imene inalamulira Austria kuyambira 1848 mpaka 1916, imabwera kudzagona pa hotelayo. Ndi mfumu yokalambayo imene imakhala pansi ndi Josepha n'kumulangiza kuti munthu sapeza zonse zimene mtima ukufuna, ndipo ayang'ane chimene ali nacho pafupi. Filimu ya 1960 inasamutsira nkhani ku nthawi yakeyo, ya magalimoto ndi alendo a makamera, choncho mfumu inalibe malo. Mwana wa Giesecke, amene pa siteji ndi Ottilie, mu filimu ndi Brigitte. Nyimbo zinakonzedwanso ndi Heinz Gietz kuti zimveke ngati zimene zinkalira pa wailesi masiku amenewo.

Kusiyana kozama ndi kwa kakomedwe. Sewero la 1930 linali la anthu a mumzinda akudziseka okha pa chilakolako chawo chothawira kumapiri. Linkaseka mlendo amene akufuna kuona chilichonse m'mphindi zochepa, linkasekanso eni mudzi amene aphunzira kugulitsa mapiri, mvula ndi kumwetulira komwe. Linali ndi tsabola. Pambuyo pa nkhondo tsabola uja anachepetsedwa, shuga n'kuchuluka. Mapiri amene kale ankasekedwa monga malonda anasanduka malo opumulirako mtima enieni.

Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti kakomedwe kotsekemerako ndiko kenikeni, chifukwa mapepala a bandi a 1930 anali atasowa. Anadzapezeka ku Zagreb, m'dziko la Croatia, ndipo mu 2009 gulu la Staatsoperette Dresden linaimba seweroli motsata mapepalawo. Anthu anamva kuti poyamba munali gulu la jazi, zoimbira za zingwe za kumapiri ndi malipenga, zonse pamodzi, zothamanga ndi zaukali kuposa zimene anazolowera.

Ndiye n'chifukwa chiyani anthu a m'ma 1950 ndi 1960 ankafuna zotsekemera chonchi?

Ganizirani munthu amene wakhala m'holo ya kanema ku Cologne kapena ku Hamburg mu 1960. Zaka 15 zapitazo mzinda wake unali phulusa. Mwina mwamuna wake sanabwere ku nkhondo. Mwina iye ndi mmodzi wa anthu pafupifupi 12 miliyoni olankhula Chijeremani amene anathawa kapena kuthamangitsidwa kum'mawa kwa Ulaya, ndipo mudzi wake sadzauonanso. Austria nayo inakhala pansi pa asilikali a maiko anayi kuyambira 1945 mpaka 1955. Munthu wotere akalipira tikiti sankafuna kuonanso mabwinja. Ankafuna nyanja yoyera, nyumba zosagumuka, ndi mavuto amene amatha ola lachiwiri lisanakwane.

Mafilimu otere anachuluka kwambiri, ndipo Ajeremani anawatcha Heimatfilm, kutanthauza mafilimu a kwathu. Mu 1956 matikiti a kanema ogulitsidwa ku West Germany anaposa 800 miliyoni. Chuma chinali kukwera, mabanja anayamba kugula timagalimoto, ndipo Austria inali pafupi, chiyankhulo chimodzimodzi. Filimu ngati iyi inkagwiranso ntchito yoitanira alendo: waona nyanja pa kanema m'nyengo yozizira, chilimwe chikafika upakira banja kupita kukaiona ndi maso.

Chifundo ndili nacho pa oonerera amenewo. Koma pali mbali ina imene siyenera kubisidwa. M'holo zomwezo munalinso anthu amene anatengako mbali pa zoipa za nthawi ya Nazi, kapena anangoyang'ana kumbali. Kwa iwo mafilimu opanda dzulo anali bulangete lofunda bwino. Wotopa ndi wolakwa anakhala pa benchi limodzi, akuseka nthabwala imodzi.

Osewera ena ndi ndani?

Peter Alexander anabadwira ku Vienna mu 1926 ndipo anamwalira mu 2011. Anaphunzira zisudzo ku sukulu ya Max Reinhardt Seminar, koma chimene chinamukweza ndi mawu ake oimbira ndi nkhope yosavuta kuikonda. Atachoka ku mafilimu anakhala ndi pulogalamu yake pa wailesi ya kanema kwa zaka makumi angapo, mpaka m'ma 1990, ndipo mabanja ankasonkhana kumuonera. Waltraut Haas anali atatchuka kale kuyambira 1947 ndi filimu ya Der Hofrat Geiger. Josepha wake ndi mayi wodziwa bizinesi yake, wa mawu olimba, osati mtsikana wongodikira kukwatiwa, ndipo zimenezi zimapangitsa kugonja kwake kumapeto kukhala kwa mtengo.

Adrian Hoven ndiye Dr. Siedler. Karin Dor, amene akusewera Brigitte, anadzadziwika kunja mu 1967 atasewera mu filimu ya James Bond. Gunther Philipp, Sigismund wa mu filimuyi, anali dokotala weniweni wa zachipatala asanasankhe kuseketsa anthu.

Amene ndikufuna mumuyang'anitsitse ndi nkhalamba yosewera pulofesa Hinzelmann. Ameneyo ndi Werner Finck. M'ma 1930 ankatsogolera kagulu ka nthabwala ku Berlin kotchedwa Die Katakombe, ndipo ankaseka a Nazi mwa njira yakeyake: ankayamba chiganizo n'kuchisiya m'malere, oonerera n'kumaliza okha m'mitima. Mu 1935 anamutsekera ku msasa wa Esterwegen chifukwa cha nthabwala zomwezo. Mu filimu yofewa ngati iyi, muli munthu amene analipira mtengo wa kuseka.

Kodi iyi ndiyo filimu yokhayo ya nkhaniyi?

Ayi. Richard Oswald anapanga yopanda mawu mu 1926 kuchokera ku sewero la 1897. Carl Lamac anapanga ina mu 1935. Ya 1952 inatsogoleredwa ndi Willi Forst, ndipo Charell mwiniwake anali nawo pokonza. Johanna Matz ndiye Josepha, Walter Müller ndiye Leopold, Johannes Heesters ndiye loya, ndipo mfumu ilimo, yoseweredwa ndi Rudolf Forster. Ku Denmark anapanga yawo mu 1964, Sommer i Tyrol, ndi katswiri wawo wa nthabwala Dirch Passer. Ina inatulukanso ku Germany mu 2013.

Ndiyambe ndi iti, ya 1952 kapena ya 1960?

Ngati mukufuna kumva kukoma kwa operetta monga operetta, ndi zovala zakale ndi mfumu yake, yambani ndi ya 1952. Forst anali mmisiri wa mafilimu a nyimbo a ku Vienna ndipo dzanja lake ndi lofatsa. Koma ineyo ndimabwerera ku ya 1960, ngakhale ndikudziwa kuti nthabwala zake zina zakalamba ndipo zina n'zaphokoso mopitiriza. Chifukwa chake ndi Leopold. Mu ya 1960 filimu yonse yasenzedwa ndi wetala, monga mmene hotela yonse yasenzedwera ndi iye m'nkhanimo.

Sindidziwa Chijeremani. Ndingatsate?

Mungatsate ndithu, makamaka mutawerenga nkhani ili pamwambayi. Zambiri zimaoneka pa nkhope ndi m'mayendedwe. Chimene chingakudutseni ndi nthabwala ya chiyankhulo. Giesecke amayankhula Chijeremani cha ku Berlin, chothamanga ndi chokalipa, pamene eni hotela amayankhula cha ku Austria, chozungulira ndi chaulemu wambiri. Amakangana ngakhale pa maina a zakudya, chifukwa mbale imodzi ili ndi dzina lina ku Berlin ndi lina ku Austria. Mlendo akuganiza kuti akumunamiza, wetala akuganiza kuti mlendo alibe mwambo, chonsecho onse akuti akuyankhula chiyankhulo chimodzi. Mukatchera khutu mudzamva kusiyanako ngakhale mawu musakuwadziwa.

Kodi hotelayo ilipodi?

Ilipo, ndipo ikulandirabe alendo ku St. Wolfgang, m'manja mwa banja limodzi kuyambira 1912. Chodabwitsa n'chakuti nyumba ya alendo imene inapatsa Blumenthal maganizo inali kwina, m'mudzi wa Lauffen pafupi ndi Bad Ischl, kumene iye ankakhala nthawi ya chilimwe. Charell ndiye anakhazika nkhani ku St. Wolfgang, ndipo kuyambira pamenepo ulemerero wonse unapita kumeneko.

Dera lonselo limatchedwa Salzkammergut, dzina lochokera ku mchere umene unkakumbidwa m'mapirimo ndi kulemeretsa mafumu a Austria a banja la Habsburg. Ku Bad Ischl ndi kumene Franz Joseph ankapumulira chaka ndi chaka, ndipo ndi komweko kumene mu Julayi 1914 anasainira chikalata cholengeza nkhondo ndi Serbia. Mfumu yokoma mtima ya m'sewero ija, yolangiza mayi wa hotela za chikondi, ndi munthu yemweyo.

Ku St. Wolfgang kuli tchalitchi chakale cha amwendamnjira chokhala ndi guwa losema la Michael Pacher, lomalizidwa mu 1481. Kuli sitima ya pamtunda yokwera phiri la Schafberg kuyambira 1893, ndi sitima ya pamadzi ya mapiko ozungulira yotchedwa dzina la mfumuyo, imene inayamba kuyenda panyanjapo mu 1873. Benatzky anamwalira ku Zürich mu 1957, zaka zitatu filimuyi isanatuluke, ndipo manda ake ali ku St. Wolfgang komweko.

Chinathetsa mafilimu amtunduwu n'chiyani?

Filimuyi itayenda bwino, opanga anathamangira kubwereza. Peter Alexander anaseweranso mu mafilimu a Die Fledermaus ndi Die lustige Witwe, onse mu 1962. Koma nthawi inali itatha kale. Wailesi ya kanema inali kulowa m'nyumba zambiri, ndipo maholo anayamba kutsekedwa. Achinyamata anatembenukira ku nyimbo za magitala zochokera ku America ndi ku Britain. Mu Febuluwale 1962 opanga mafilimu achinyamata 26 anasaina chikalata ku Oberhausen chonena kuti filimu yakale yafa ndipo iwo apanga yatsopano. Amenewa anali ana a m'badwo wa nkhondo, ndipo ankafuna kufunsa makolo awo mafunso amene mapiri ndi nyanja zinkaphimba.

Mafilimu a operetta sanafe kwenikweni, anangosamuka. Anachoka m'maholo n'kulowa m'bokosi lomwe lija linawalanda oonerera, ndipo mpaka lero mawailesi a kanema a ku Germany ndi ku Austria amaionetsabe Im weißen Rößl ya 1960, kawirikawiri masana a Lamulungu ndi masiku a tchuthi, pamene agogo ndi adzukulu ali m'nyumba imodzi.